MVUNGUTI NDI KHANSA: MANKHWALA AYAMBE APIMIDWA

Palibe munthu wokulira ku Nyimba kapena ku Petauke amene saudziwa mtengo wa mvunguti. Umamera m'mbali mwa mitsinje ndi m'cigwa ca Luangwa, ndipo zipatso zake zazitali ndi zolemera zimalendewera ku nthambi monga minsi yomangidwa pa zingwe. Maluwa ake ofiira amamasula usiku, mileme ndiyo imawayendera, ndipo akagwa pansi mbawala zimawatola m'mawa. Kuyambira kale makolo akhala akugwiritsa nchito khungwa ndi cipatso ca mtengo umenewu pociza zilonda ndi matenda ena a pakhungu. Makolo omwewo anaphunzitsanso ana ao kuti cipatso caciwisi ca mvunguti sicidyedwa, pakuti cimatsegula m'mimba koopsa ndi kutupitsa m'kamwa.

Masiku ano mtengo umenewu walowa m'nkhani yatsopano. Pa mafoni a m'manja ndiponso pakamwa pa anthu ogulitsa mankhwala a m'mabotolo pamamveka mau akuti akatswiri a sayansi a kunja anatsimikiza kuti mvunguti umapha khansa. Mauwa ali ndi mbali ya coonadi, ndipo ndi cifukwa cake ali oopsa, pakuti bodza lokhala ndi coonadi pang'ono m'kati mwake limakhulupirika msanga. Nkoyenera kuti anthu a m'midzi adziwe bwino cimene akatswiriwo anapeza, cimene sanapeze, ndi cimene banja liyenera kucita pamene mmodzi wa iwo wadwala. Kupima mankhwala a makolo ndi nchito yabwino yofunika kuilimbikitsa, koma zotsatira za kupimako ziyenera kunenedwa monga momwe ziliri, popanda kuonjezerapo mcere.

KUPIMAKO KUMAYENDA BWANJI?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizinthu tamoyo tating'ono kwambiri tochedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo amabadwa, amagwira nchito, amakalamba ndi kufa, ndipo ena amalowa m'malo mwao. Khansa imayamba pamene maselo ena asiya kumvera dongosolo limeneli nayamba kuswana kosalekeza, mpaka apanga cotupa ndi kufalikira ku ziwalo zina.

Akatswiri anaphunzira kusunga maselo a khansa amoyo kunja kwa thupi. Oyamba kusungika motero anatengedwa mu 1951 pa cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, kucokera kwa mai wina wacikuda dzina lake Henrietta Lacks, amene anali kudwala khansa ya khomo la ciberekero. Maiyo anamwalira caka comweco, koma maselo akewo akali kuswana m'malabotale a maiko ambiri kufikira lero.

Pofuna kupima mtengo, akatswiri amaumitsa khungwa, muzu kapena tsamba, kulipera, ndi kuliviika m'madzi kapena m'mankhwala osungunulira kuti mphamvu yake ituluke. Pambuyo pake amatenga kambale kokhala ndi timaenje 96, naika maselo a khansa m'timaenjemo, nadonthezera msuzi wa mtengowo pa miyeso yosiyana-siyana, pena wambiri, pena wocepa. Timaenje tina amangotisiya osathiramo kanthu, kuti pakhale poyerekezera. Patapita masiku awiri kapena atatu amathiramo utoto umene umasintha maonekedwe pokha-pokha pamene pali maselo amoyo. Makina amawerenga utotowo, ndipo akatswiri amadziwa kuculuka kwa maselo amene afa ndi muyeso umene wawapha.

Umu ndi mmene mvunguti unapimidwira pa King's College ku London, pansi pa utsogoleri wa Peter Houghton. Mu 1994 akatswiriwo analengeza kuti msuzi wa khungwa la mtengowu unalepheretsa kuswana kwa maselo a khansa ya pakhungu yochedwa melanoma. Msuzi umene unaonetsa mphamvu yaikulu unatulutsidwa ndi mankhwala a m'labotale amene munthu sangamwe, osati ndi madzi owiritsa pa mafuwa. Mu 2000 analengezanso kuti anapatula zinthu ziwiri za mu mtengomo, norviburtinal ndi isopinnatal, ndipo anaziyesa pa maselo a khansa pamodzi ndi maselo abwino. Zinaoneka kuti mphamvu yake siinali kusankha bwino. Cimodzi mwa ziwirizo cinali kupha kwambiri maselo abwino omwe, kotero kuti akatswiriwo anaona kuti sicingakhale maziko a mankhwala atsopano a khansa. Mbali yaciwiri imeneyi ndiyo imene ogulitsa m'mabotolo saichula.

MOTO NDI KHASU

Mlimi aliyense adziwa kuti moto umapha udzu wa m'munda. Koma palibe mlimi wanzeru amene amayatsa moto m'munda wa cimanga cobiriwira pofuna kupalira, cifukwa moto sudziwa kusiyanitsa udzu ndi mbeu. Iye amatenga khasu, limene m'manja mwa wodziwa limacotsa udzu ndi kusiya cimanga ciri ciriri. Mankhwala a khansa ayenera kukhala monga khasu. Zinthu zambiri zimapha maselo a khansa m'kambale: mankhwala opopera thonje angawaphe, parafini angawaphe, ngakhale mcere wambiri ungawaphe. Komabe palibe amene angamwetse wodwala mankhwala a thonje. Funso lalikulu nthawi zonse ndi lakuti: kodi cinthuco cipha maselo odwala ndi kusiya abwino?

Ndiponso thupi la munthu si kambale ai. Cimene munthu wamwa ciyamba cadutsa m'mimba, kumene mwina cingaonongeke. Cikalowa m'magazi cifika ku ciwindi, cimene cimasintha zinthu zambiri, ndipo impso zimataya zina pamodzi ndi mkodzo. Kawiri-kawiri cimene cimafika pa cotupa cimakhala cocepa kwambiri, ndipo munthu akati aonjezere muyeso kuti cikwanire, ciwindi ndi impso ndizo zimayamba kuonongeka. Mtengo womwewo umasiyananso mphamvu malinga ndi nthaka, nyengo, msinkhu wake ndi kaphikidwe. Kapu ya lero siingafanane ndi kapu ya mawa.

Cifukwa ca ici kupima kwa m'kambale ndi khomo loyamba cabe. Cinthu cikapambana pamenepo cimayesedwa pa mbewa ndi makoswe, kuti aone ngati cotupa cicepa ndiponso ngati nyamazo sizivulala. Kenaka cimapatsidwa kwa anthu owerengeka amene avomera mwa kufuna kwao, kuti apeze muyeso wosavulaza. Pambuyo pake cimayesedwa pa odwala ambiri, ndipo potsiriza cimayerekezedwa ndi mankhwala amene alipo kale, pa anthu mazana kapena zikwi. Alimi a kuno kum'mawa saona cacilendo pa dongosolo lotere. Mbeu yatsopano ya cimanga kapena nshawa imayamba yayesedwa nyengo zingapo pa malo monga Msekera ku Chipata isanaperekedwe kwa alimi, pakuti mbeu yokongola pa kamunda kamodzi ingathe kukanika m'minda ya anthu. Ngati mbeu iyenera kudikira motero, nanga bwanji cinthu colowa m'thupi la munthu wodwala?

MITENGO INAPEREKA KALE MANKHWALA

Pasakhale wina woganiza kuti mau awa ndi onyoza mitengo. Ena mwa mankhwala amphamvu a khansa amene madokotala amagwiritsa nchito lero anacokera ku zomera. Pali duwa lina lofiirira kapena loyera, la timasamba tonyezimira, limene limabzalidwa pa makomo, pa masukulu ndi pa zipatala, ndipo kwao kweni-kweni ndi ku Madagascar. Ku Jamaica anthu anali kumwa masamba ake monga tiyi pokhulupirira kuti aciza matenda a shuga. Masambawo atatumizidwa ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer anawayesa pa makoswe napeza kuti shuga satsika, koma maselo oyera a m'magazi ndiwo anali kutha. Pofufuza cimene cinali kuwapha anatulukira mankhwala a vinblastine, amene anawalengeza mu 1958. Mankhwala anzake a vincristine anavomerezedwa ku America mu 1963, ndipo mpaka lero ali m'gulu la mankhwala opulumutsa ana odwala khansa ya m'magazi ndi khansa yotupitsa nsagwada imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958.

Nkhani ya duwali iri ndi maphunziro atatu. Loyamba ndi lakuti nzeru za anthu wamba ndizo zinalozera akatswiri ku comeraco. Laciwiri ndi lakuti nchito imene anthu anali kucigwiritsira siimene inapezeka kuti ndi yoona. Lacitatu ndi lakuti pafunika masamba olemera makilogiramu mazana angapo kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwalawo, ndipo amaperekedwa m'mtsempha pa muyeso woyesedwa mosamala kwambiri. Wowiritsa masamba a duwali kunyumba sangacize khansa, angangodzivulaza.

Mankhwala ena ochuka, a taxol, anacokera ku khungwa la mtengo wa ku America limene linatengedwa m'nkhalango mu 1962, koma anavomerezedwa kuciza anthu mu 1992, patapita zaka 30. Pakati pa 1960 ndi 1982 bungwe la boma la America lofufuza za khansa linapima misuzi ya zomera pafupi-fupi 114,000, ndipo mankhwala amene anatulukamo nafika m'zipatala ndi owerengeka pa zala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Palinso cenjezo kwa amene amati ca m'chire sicivulaza cifukwa ndi cacilengedwe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, amai oposa 100 ku Belgium anaonongeka impso atamwa mankhwala ocepetsa thupi mmene munali citsamba ca mtundu wa Aristolochia, ndipo ena a iwo anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Citsamba cimene cinamwedwa monga mankhwala ndico cinabweretsa nthendayo. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko la Zambia nalo linayamba kale kuyenda pa njira ya kupima. Mu 2005 Boma linayambitsa nchito yoyesa mankhwala atatu a zitsamba amene eni ake anali kunena kuti aciza kacirombo ka HIV, ndipo amodzi mwa iwo anali a Dr Ludwig Sondashi, amene kale anali nduna ya Boma. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2006 zinaonetsa kuti panalibe amene anathetsa kacirombo m'magazi. Ena anakhumudwa, koma nchitoyo inali yoyenera, pakuti inapatsa mankhwala acikuda ulemu woyesedwa poyera ndipo inauza odwala zoona. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mankhwala limene linabala bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala onse ogulitsidwa kuphatikizapo a zitsamba, ndiponso lamulo loyendetsa kafuku-fuku wa zaumoyo.

DANDAULO LA ANTHU A M'MIDZI

Anthu a m'midzi ali ndi yankho lao pa zonsezi, ndipo si yankho lopepuka. Iwo amati sing'anga ali pafupi, amalankhula Cinsenga, amamvetsera wodwala mosathamanga, ndipo amalandira nkhuku kapena kudikira mpaka anthu atagulitsa mbeu. Cipatala cacikulu ca khansa, cimene cinatsegulidwa ndi Mtsogoleri Levy Mwanawasa mu 2007, ciri ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300 kucokera ku Nyimba. Munthu wa kwa Luembe, kwa Nyalugwe kapena kwa Mwape ayamba wavutika kuti afike pa mseu waukulu, kenaka apeze ndalama za basi, za cakudya ndi za womudwazika, nasiye munda pa nthawi ya dzinja. Amanenanso kuti anaona anthu opita ku Lusaka akubwerako ali m'bokosi.

Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo a zaumoyo ayenera kulimva. Komabe pali cinthu cimodzi cimene cimaiwalika. Ambiri amene amamwalira atafika ku cipatala cacikulu amakhala atafikako mocedwa, nthenda itafalikira kale, ndipo nthawi zina miyezi yotayikayo imathera pa mabotolo ndi mizu. Mai amene waona kambulu m'bere mwezi wokolola, nayamba kumwa mizu kudikira kuti kasungunuke, akadzafika ku cipatala mvula itagwa, kambulu kaja katasanduka cilonda, dokotala amakhala ndi zocepa zoti acite. Pamenepo anthu amati cipatala calephera, ndipo wodwala wina wa m'mudzimo amaopa kupitako. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesiti ya Yale ku America anafalitsa zimene anapeza poyerekeza odwala khansa yosafalikira: amene anakana cithandizo ca kucipatala nadalira njira zina zokha anali kufa kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa anzao. Khansa siidikira kuti munthu ayambe wayesa zonse.

Kwa amai nkhaniyi ndi yaikulu koposa, cifukwa khansa ya khomo la ciberekero ndiyo yoculuka kuposa ina iriyonse pakati pa amai a m'Zambia. Imayamba ndi kacirombo ka HPV, ndipo imatenga zaka zambiri isanakhwime, ngakhale kuti imafulumira mwa amai amene ali ndi HIV. Zaka zimenezo ndi mwai waukulu. Kuyambira mu 2006 dziko lino liri ndi nchito yopima amai pogwiritsa nchito viniga, amene amayeretsa malo oyamba kudwala kuti namwino awaone ndi kuwaciza asanasanduke khansa. Kupimako sikufuna ulendo wa ku Lusaka, kumacitika m'zipatala za m'maboma ndi m'makiliniki ambiri. Mu 2019 Boma linayambanso kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse. Kholo lokaniza mwana wake katemerayu pomvera mphekesera likumulanda citetezo cimene agogo ake sanakhale naco.

Zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo ku cipatala nzodziwika: kambulu m'bere, kutaya magazi pa nthawi yosayenera kapena mai atasiya kale kusamba, cikazi conunkha, cilonda cosapola, kuvutika kumeza cakudya, kuvutika kukodza kwa abambo acikulire, kuonda kosadziwika cifukwa cake, ndiponso kutupa kwa nsagwada kapena mimba mwa mwana. Si zonse zimene zimakhala khansa, koma wodziwa kusiyanitsa ndi amene ali ndi zipangizo zopimira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

NCHITO YA ALIYENSE

Asing'anga ali ndi udindo waukulu, pakuti iwo ndiwo amayamba kuona odwala ambiri a m'midzi. Bungwe lao la THPAZ lakhalapo kuyambira mu 1978, ndipo lingathe kuthandiza kuti sing'anga aliyense adziwe zizindikiro zachulidwazi natumize wodwala ku cipatala tsiku lomwelo. Sing'anga wotero sataya ulemu. Anthu amakumbukira amene anawauza zoona pa nthawi yake, ndipo amakumbukiranso amene anawadyera mbuzi mpaka maliro. Wodwala amene ali kale pa mankhwala a kucipatala nayenso ayenera kuuza dokotala zitsamba zonse zimene akumwa, cifukwa zina zimafooketsa mankhwalawo ndipo zina zimalemetsa ciwindi. Madokotala ndi anamwino afunse funso limeneli mwaulemu, popeza wodwala wokalipiridwa amabisa.

Boma nalo liri ndi mbali yake. Yunivesiti ya Zambia, bungwe la NISIR ndi malo ofufuzira matenda a ku Ndola ayenera kupatsidwa ndalama ndi zipangizo zokwanira, kuti mitengo ya m'cigwa ca Luangwa izipimidwa ndi ana a dziko lino, ndipo zotsatira zake zizibwezedwa kwa eni ake m'cinenero cimene amamva, kaya zikhale zokondweretsa kaya zokhumudwitsa. Ogulitsa mabotolo olembedwa kuti aciza khansa popanda umboni ayenera kuletsedwa monga mwa lamulo. Ndiponso njira ya wodwala yocokera ku kiliniki ya kumudzi kufika ku cipatala cacikulu iyenera kufupikitsidwa, cifukwa kuuza munthu kuti afulumire pamene alibe cokwera ndi kumunyoza.

Asing'anga ambiri amabisa nzeru zao poopa kuberedwa, ndipo mantha ao ali ndi maziko. Anthu a mtundu wa San kum'mwera kwa Africa anacita kumenyera ufulu wao mpaka mu 2003, pamene bungwe la CSIR la ku South Africa linasaina pangano logawana nao phindu la comera ca hoodia, cimene makolo ao anali kudya poletsa njala. Zambia iri ndi lamulo la mu 2016 loteteza nzeru za makolo ndi cuma ca zomera. Cotero mlendo aliyense wofika m'mudzi kudzafunsa za mitengo ayenera kudzera kwa mfumu, kuonetsa cilolezo, ndi kulemba pangano lomveka bwino asanatenge ngakhale tsamba limodzi.

Mafumu ndi anyakwawa a kwa Ndake, kwa Kalindawalo ndi madera ena ateteze mitengo yeniyeniyo. Mbiri yakuti mtengo wakuti uciza khansa ikangomveka, anthu amaukungunula khungwa kuzungulira thunthu lonse, ndipo mtengo wotero umauma. Makolo anali kusenda mbali imodzi ndi kusiya mtengo kuti upole. Ngati makala, moto wa m'chire ndi malonda a khungwa zitha mitengo, akatswiri a mawa adzasowa copima.

Mvunguti ukhalebe pa malo ake olemekezeka, ndipo akatswiri apitirize kuufufuza pamodzi ndi mitengo inzake, pakuti mwina tsiku lina m'nkhalango za Nyimba mudzatuluka mankhwala othandiza dziko lonse lapansi monga anacitira maluwa a ku Madagascar. Koma kufikira lero palibe umboni wa pa anthu wosonyeza kuti kumwa kapena kudzola mvunguti kumaciza khansa. Banja limene liri ndi wodwala lisagulitse ng'ombe cifukwa ca botolo. Ndalamazo zikhale za ulendo wa ku cipatala ca Nyimba, ca Minga kapena ca Petauke, sabata yomweyo imene cizindikiro caoneka, ndipo kumeneko afunse mafunso onse amene ali nao. Safunsa anadya phula.